Nthambi Yaiwisi Pamsewu wa Mkaka

Kwathu kuno kumapiri a tiyi, ukapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu umadziwa kuti kutsogoloko kuli zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi, wachipewa amavula, ndipo wapanjinga amatsika n'kuyamba kukankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo. Palibe amene amakuuza, miyendo imangodziwa yokha. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zomwe zinamuchitikira mng'ono wanga Rozina zinayambira pa ulemu womwewu. Mpaka lero ndikapeza kanthambi pamsewu, ngakhale kongothyoledwa ndi mphepo, ndimayamba ndaima kaye.

Ine ndi Rozina nyumba zathu n'zoyang'anizana, ndipo tonse timaweta ng'ombe zamkaka. Mkakawo timakapereka kumalo komwe kuli thanki yoziziritsira, komwe timangoti kuthanki. N'kutali ndithu, kuseri kwa zitunda, ndipo mkaka sudikira munthu. Dzuwa likangoutentha umayamba kusasa, kuthanki n'kuukana.

Rozina anachitidwa opaleshoni pobereka mwana wake womaliza, ndipo kuchokera pamenepo njinga yakapalasa inamukanika pachitunda. Akati alimbitse mwendo, pachipsera pankakoka ngati wina akusokanso. Amuna ake amagwira ntchito kutali, amabwera pa Khirisimasi. Ndiye gulu lathu la alimi a mkaka litalandira njinga zamagetsi zingapo, amayi a mbali yathu tinagwirizana kuti ya kuno ikhale m'manja mwake, azinyamula mkaka wake ndi wathu womwe. Popanda njingayo, ng'ombe yake Dona ikanayenera kupita kwa wina, ndipo ana ake anakula akumwa mkaka wa Dona.

Tsiku lolandira njingazo, Gilibati, yemwe amayeza mkaka ndi kutchaja mabatire kuthanki, anatisonkhanitsa pamthunzi.

"Choyamba, amayi, iyi si njinga yamoto," anatero. "Palibe chopotokola choti izingothamanga inu mutakhala ngati abwana. Mukapanda kupalasa, nayonso ikhala."

"Nanga magetsiwo ntchito yake n'chiyani?" anafunsa mayi wina wa kumbuyo. "Kuwalitsa nkhope?"

"Imamva phazi lanu. Apa, pomwe pali mapedulo, pali kachida komwe kamadziwa kuti mwaponda. Mukaponda, kamauza mota yomwe ili m'gudumu lakumbuyo kuti iwonjezere mphamvu pa yanuyo. Mukasiya, imasiya. Mukagwira buleki, imasiyanso. Mukathamanga kwambiri pamtsetse imakulekani nokha, imati apa simukundifuna."

"Ndiye ili ngati amuna anga," anatero mayi uja. "Amathandiza akaona kuti ntchito wayamba kale."

Tinaseka mpaka misozi. Gilibati anadikira kuti titope, kenako anatisonyeza kabokosi ka pahandulo. Panali mabatani osankhira chithandizo, chochepa, chapakati ndi chachikulu, komanso timagetsi tobiriwira tosonyeza moto wotsala m'batire.

"Ponyamuka yambani ndi chochepa, apo ayi ikudzidzimutsani n'kukulowetsani m'tiyi. Chachikulu sungirani chitunda. Ndipo dziwani zomwe zimadya batire: zitunda, mphepo yochokera kutsogolo, matayala ochepa mpweya, koma makamaka kulemera kwa katundu. Ikakutherani panjira mudzapalasabe, koma mudzadziwa kuti mota ndi batire nazonso n'katundu."

A Namaona, bambo yemwe ndi wapampando wa gulu, anawonjezera lamulo lawo. "Njingayi ndi ya mkaka, si kabaza. Tikangomva kuti mwakweza munthu, kapena kuti mkaka wa anthu ukuwonongekera m'manja mwanu, tiipereka kwa wina." Sanali munthu woipa a Namaona. Atatha kuopseza, anagwada okha pafumbi n'kumutsitsira Rozina chishalo kuti mapazi ake azifika pansi.

Anabwera kunyumba tsiku limenelo nkhope ili ngwee. "Achemwali," anandiuza, "zili ngati wina wakuika dzanja pamsana n'kumakukankha mwaulemu. Ndipo imalira pang'ono, ngati njuchi ili m'botolo."

Zinayenda bwino. Ankanyamuka mbandakucha, zigubu ziwiri zachitsulo zitalendewera uku ndi uku kwa kaliyala, pamwamba pake popanda kanthu. Kuthanki Gilibati ankamutchajira batire, ndipo motowo unkakwana kubwerera kunyumba n'kupitanso m'mawa mwake, timagetsi tiwiri titatsala.

Kumunsi kwa mudzi wathu, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, kunkakhala mayi wina, aNangondo. Mwendo wawo wakumanzere unali wopuwala, moti ukamva patapata ikukhwekhwereza, khwe, khwe, umadziwa kuti ndi iwo usanawaone. Panalibe wapanjinga amene sankawadziwa. Ankathyola kanthambi n'kuima pamsewu akukupiza, ndipo unkaima, ufune usafune. Koma ankanyadira chinthu chimodzi. "Ine sindikwera ulere," ankatero, n'kukulowetsera m'thumba peyala, nthochi kapena chinangwa chootcha. Zovala zawo zinkamveka fodya wapamphuno.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Tamala, ndipo nthawi imeneyo anali kuchidikiro kuchipatala, mimba yoyamba. Tsiku lina Rozina akubwerera, anawapeza ataima ndi kanthambi kawo.

"Iwe Rozina, kavalo wakoyu ndidzamulawa liti?"

"Lamulo silikulola, mayi."

"Lamulo lili ndi mwendo ngati wangawu? Tamvera. Tamala akumudikirira azakhali ake, chifukwa ine chitunda chija sindingachithe. Koma tsiku lake likayandikira undikweze. Kamodzi kokha. Ndikufuna mdzukulu wanga adzapeze manja anga."

Rozina anaseka. "Chabwino mayi, ndidzakutengani." Anali mawu aja timanena pongofuna kuti tidutse.

Sabata isanathe, aNangondo anagona osadzukanso.

Akuluakulu anagwirizana kuti Tamala asauzidwe. Anamwino anali atanena kale kuti magazi ake akuthamanga, ndipo uthenga wotere ukanatha kutenga anthu awiri. Maliro anaikidwa iye osadziwa.

Tsono pamphambano ya pa Chikuse msewu wa kuthanki umagawika pawiri. Wakumanzere ndi wachidule, umakwera chitunda chachikulu, kudutsa pakhomo penipeni pa chipatala, kenako n'kutsetsereka mpaka kuthanki. Wakumanja umazungulira m'munsi mwa minda ya tiyi, wotalikirapo koma wopanda chitunda choopsa. Rozina ankadzera wakumanzere, ndipo m'mawa uliwonse Tamala ankakhala pakhonde la chidikiro n'kumukuwira kuti, "A Rozina, amayi ali bwanji kumeneko?" Maliro ataikidwa, Rozina anandiuza kuti, "Achemwali, nkhope yanga sidziwa kunama." Anayamba kudzera wakumanja.

Masamba a maliro anachotsedwa pamsewu monga mwa nthawi zonse. Koma m'mawa mwake, kunja kukadali nkhungu, nyali ya njinga inaunikira nthambi imodzi yaiwisi itapingasa msewu, pakhomo pa aNangondo. Rozina anaganiza kuti wina anaiwala. Anatsika, anakankha njinga kudutsa pakhomopo, n'kukweranso.

Ataponda pedulo, njinga inapendekera kumanzere. Anaganiza kuti mwina chigubu china tinadzaza kuposa chinzake. Mota inalira mosiyana, kulira kwa pansi, ngati njuchi yomwe yasenza. Anawonjezera chithandizo kufika pachapakati, pamalo pomwe masiku onse chochepa chinkamukwanira. Atafika pa Chikuse n'kukhotera kumanja, anamva kugogoda pachigubu. Ko, ko, ko. Anati mwina ndi mwala.

Chomwe chinamudabwitsa chinali pobwerera. Zigubu zinali zopanda kanthu, koma njinga inali yolemerabe. Inalemera njira yonse mpaka pakhomo pa aNangondo, pomwe kaliyala inalira kuti kwee, njinga n'kupepuka mwadzidzidzi, moti anatsala pang'ono kugwa.

Nthambi ija anaikokera m'ngalande. M'mawa mwake anapezapo ina, pothyokera pakadali utomoni. Inali ya mpeyala, ndipo mpeyala m'dera limenelo ulipo umodzi wokha, kuseri kwa nyumba ya malemu. Nyumbayo inali yotseka, abale anali atabwerera kwawo.

Kenako nsalu yake inayamba kusowa. Anali ndi kachitenje kakale komwe ankamangirira pahandulo, kopukutira zigubu. Akatsika panthambi paja n'kukweranso, kachitenjeko kunalibe. Ankakapeza atafika kuthanki, katapindidwa bwinobwino pamwamba pa kaliyala, pakati patalowa ngati pakhalidwa. Tsiku lina anayetsemula njira yonse ya m'tiyi, ndipo iye fodya sayandikira.

Ndiye panali mlonda wa m'minda ya tiyi, bambo wachikulire wovala chikhoti chachitali, yemwe ankakumana naye akuweruka. Masiku onse ankangokweza dzanja. M'mawa wina anapatuka m'njira, anavula chipewa, n'kunena moyang'ana kumbuyo kwa Rozina kuti, "Gwiritsitsani, amayi, kutsogoloku kuli maenje."

Rozina sanacheuke. Anandiuza kuti khosi lake linauma ngati mtengo.

Batire inayamba kutha msanga. Timagetsi tiwiri tija tinasanduka kamodzi, kenako tsiku lina tonse tinazima asanafike. Anakankha njinga yolemerayo dzuwa likukwera, ndipo anafika mkaka utasasa. Zinachitikanso kachiwiri. Anabwera nawo kumudzi akulira, n'kumagogoda khomo ndi khomo kupepesa. Palibe amene anamukalipira. Mayi uja wa nthabwala analandira gawo lake n'kunena kuti, "Chambiko nachonso n'chakudya, mwanawe. Ana anga lero adya ngati a m'tauni." Koma tonse tinkadziwa kuti sizingapitirire.

Gilibati anayesa zonse. Anapopa matayala, anamasula mabuleki, anampatsa batire ina. Zinali chimodzimodzi.

"Asisi, ndiuzeni zoona, sindikanena," anatero motsitsa mawu. "Msewu wam'munsi sungadye moto chonchi. Batireyi ikusonyeza kuti mukunyamula zolemera kuposa zigubu ziwiri, popita ndi pobwera pomwe. Munthu akhoza kunama, koma iyi sidziwa."

Ndipo mlonda uja, posafuna kuipitsa, anauza a Namaona pamsika kuti mtsikana wa mkaka uja ndi wamtima wabwino, m'mawa uliwonse amakweza mayi wina wachikulire.

A Namaona anamuitana. Sanakweze mawu. "Mayi, ine ndinakuikirani kumbuyo pomwe ena ankati njingayi ipite kwa mwamuna. Tsono mwandichititsa manyazi. Mawa mkaka ukafika wosasa, kapena ndikamvanso za kukweza anthu, mudzasiye kiyi."

Madzulo ake ndi pomwe anandiuza zonse, titakhala pakhola Dona akubzikula. Ine ndinaphunzirako mpaka sekondale, ndipo ndinayesa kumufotokozera za chinyezi cholowa m'mawaya, ndi za maso a mlonda wokalamba m'nkhungu. Anangondiyang'ana.

"Nanga bwanji osangopondapo panthambipo n'kudutsa osatsika?" ndinamufunsa.

"Achemwali, inuyo mungaponde masamba a maliro?"

Ndinangoti, "Mawa ndikuperekeza mpaka pamenepo."

Tinakama mbandakucha, tinamanga zigubu, n'kutsika limodzi wapansi, iye akukankha njinga. Nkhungu inali yoti ukatambasula dzanja zala zimaoneka mwachimbuuzi. Atambala anali atayamba kale kulira kumtunda, koma kumunsi kuja kunali zii. Ngakhale achule a m'ngalande anali chete.

Nthambi inalipo. Masamba ake analibe mame, pomwe udzu wonse unali wonyowa.

Tinadutsa, tinaima. Ndinaunikira gudumu lakumbuyo ndi tochi ya pafoni, chifukwa ndinkafuna kumuonetsa kuti mwina mpweya ukutuluka. Ndipo ndinaona ndi maso angawa. Palibe amene anaigwira njingayo kupatula Rozina, koma tayala lija linaphwatalala pang'onopang'ono, monga limachitira munthu wa mwendo wovuta akamakhala mosamala. Kaliyala inalira. Kafungo ka fodya kanandidutsa pamphuno.

Sindinakuwe. Chodabwitsa n'chakuti mantha anga anali osakanikirana ndi chisoni, ngati ukaona munthu wamkulu ataima pamvula akudikira basi yomwe siima.

"Rozina," ndinanong'ona, "unawalonjeza chiyani mayiwa?"

Anayang'ana pakhomo pa malemu. Kenako anagwira pakamwa. "Mayo ine. Masiku onsewa ndakhala ndikuwapititsa njira yolakwika."

Tinayang'ana pakabokosi. Timagetsi totsala tinali tiwiri. Akanati adzere wam'munsi ndi chithandizo chochepa, mwina akanafika, movutika koma pa nthawi yake. Chitunda cha kuchipatala, ndi kulemera kumeneko, chikanamaliza batire asanafike pakati. Tonse tinkadziwa. Sindinamuuze chochita, njinga inali yake ndi Dona anali wake.

Anamasula yekha kachitenje pahandulo, anakapinda, n'kukaika m'mphepete mwa kaliyala. Sindinaone chomwe chinakakoka, koma kanasendera pakati.

"Khalani bwino, mayi," anatero. "Lero tipita. Koma mugwire chigubu, musandigwire m'chiuno, ndingagwe ndi mantha."

Anaponda pedulo, njuchi ija inayamba kulira, nkhungu n'kuwameza. Zotsalazi anandiuza yekha atabwerako.

Pa Chikuse anakhotera kumanzere, ndipo kwa nthawi yoyamba pachigubu sipanagogodedwe. Patsinde pa chitunda anadina chithandizo chachikulu. Njinga inakwera bwino poyamba, ngati ikufuna kudzionetsa kwa mlendo. Kagetsi kamodzi kanazima. Anapalasa mofatsa, osadukiza, monga Gilibati anawaphunzitsira. Kotsalako kanayamba kuphethira, kenako mota inangoti zii.

Kulemera konse kunagwera m'miyendo mwake: zigubu, batire, mota, ndi winayo. Pachipsera panakoka. Anatsika.

"Khalani pompo, mayi. Musatsike, mwendo wanuwo."

Anakankha. Dothi linali loterera ndi mvula ya dzulo lake. Akapita patsogolo pang'ono, njinga inkamubweza. Anagwira mabuleki onse awiri, anatsamira chipumi pachishalo, misozi n'kuyamba kutsika. Sankalirira njinga yokha ayi. Ankalira kuti alephera zonse ziwiri, mkaka sufika, ndipo mayiwo safikanso.

Pamenepo kaliyala inalira kuti kwee. Tayala linadzuka. Ndipo kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, anamva khwe, khwe.

Anatsegula mabuleki n'kukankha, ndipo njinga inayenda. Sinayende yokha ayi. Akakankha, kumbuyo kunkabwera mphamvu yowonjezera pa yakeyo. Ataima kuti apume, nayonso inaima, patapata ija n'kukhala chete kumudikira. Atayambanso, inayambanso. Rozina akuti anapezeka akuseka misozi ili m'masaya.

"Nanunso mayi, munaphunzira kwa Gilibati?"

Sanacheuke mpaka pamwamba.

Pachipatala anapeza azakhali a Tamala, mayi wamng'ono thupi wosachedwa kubalalika, akuzungulirazungulira pakhonde ndi beseni lopanda kanthu. Matenda anali atayamba usiku womwewo, ndipo zinthu sizinkayenda bwino. Rozina asanaimike n'komwe njinga, kamphepo kozizira kanamukhudza pamkono. Khwe, khwe, pasimenti ya khonde. Chitseko cha chipinda chochirira chinatseguka pang'ono, n'kudzitsekanso.

Dzuwa linali litangotuluka. Kuchokera pamenepo kupita kuthanki ndi mtsetse wokhawokha, wosafuna batire. Akanati anyamuke nthawi yomweyo, mkaka ukanapulumuka. Anagwira mahandulo. Koma azakhali aja anamugwira pamkono ndi manja onse awiri.

"Usandisiye ndekha, mwanawe. Kuyambira usiku akungoitana mayi ake. Akandifunsanso ndiyankha chiyani?"

Rozina anayang'ana zigubu, anayang'ana chitseko. Anatsamiritsa njinga pakhoma, pamalo opanda n'kamthunzi komwe, n'kulandira beseni lija. Anakatunga madzi, anasonkhezera moto kukhitchini ya odikirira odwala, anachapa nsalu. Amayi ena odikirira, osamudziwa n'komwe, anamugawira phala m'kapu yawo. Nthawi ndi nthawi ankasuzumira zigubu zija zikung'anima padzuwa, ndipo kenako anasiya kusuzumira.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, mwana analira.

Atamulola kulowa, anapeza Tamala atagona chagada, kamwana kakakazi kali pachifuwa. Rozina anali atakonza mawu panja, koma onse anathawa.

"A Rozina, musavutike kufuna mawu," anatero Tamala. "Ndadziwa."

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Pamene zinavuta, anamwino atayamba kuyang'anana, wina anandigwira pamsana, pomwe amayi ankandigwira ndikadwala malungo. Ndinamva fodya wawo. Ndikakankha, nawonso ankakankha." "Koma manjawo anali ozizira. Amayi akanakhala moyo, manja awo akanakhala otentha."

Analira onse awiri, mwakachetechete kuti asadzutse mwana. Patapita kanthawi Tamala anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete.

"Anabwera bwanji, ndi mwendo uja?"

"Ndinawakweza."

Tamala anamwetulira misozi ikutsikabe. "Ndiye anakupatsani chiyani? Amayi sakwera ulere."

Rozina anangopukusa mutu. Anapsompsona kaphazi ka mwanayo n'kutuluka.

Anatsetsereka mpaka kuthanki, njinga ili yopepuka, mota ili duu. Anapeza alimi onse atapita kale. Panatsala Gilibati akutsuka pansi, ndi a Namaona atakhala pabenchi, nkhope itagwa ngati iwo ndiwo alandidwe njinga. Rozina sanadikire kufunsidwa. Anazula kiyi wa batire n'kuwapatsira ndi manja awiri.

Gilibati anapita kukamasula zigubu kuti amuthandize kutsitsa, poti mkaka wofika masana otentha chonchi suyezedwa n'komwe. Atagwira chakumanzere, anabweza dzanja msanga.

"Asisi, zigubuzi munaziika kuti?"

"Padzuwa, kuyambira m'mawa."

Zigubu zonse ziwiri zinali mame okhaokha, madontho akutsetsereka m'mbali ngati botolo lochokera m'firiji. Pachivundikiro cha chimodzi panali malo ouma, kukula kwake ngati chikhatho. Gilibati anatsegula, ananunkhiza, anatunga pang'ono n'kusakaniza ndi mankhwala oyezera. Mkaka wosasa umagwirana timibulu nthawi yomweyo. Uwu unangokhala woyera, wosalala. Anayezanso chigubu chinacho. Kenako anaviika chala, n'kuyang'ana a Namaona.

"Apampando, uwu ndi wozizira kuposa wa m'thanki."

A Namaona anadzuka, anagwira chigubucho, dzanja lawo n'kukhalitsa pamenepo.

"Munali kuti, mayi?"

"Kuchipatala. Tamala wachira, mwana wamkazi."

"Munakweza munthu?"

Rozina, yemwe nkhope yake sidziwa kunama, anayang'ana pansi. "Ndinakweza aNangondo."

A Namaona anali m'gulu la amuna omwe ananyamula bokosi la aNangondo kupita kumanda. Anayang'ana kaliyala ija. Kenako anavula chipewa pang'onopang'ono, monga timachitira pamasamba.

"Inenso anandikwerapo, kale, panjinga yanga yakapalasa," anatero. "Anandipatsa nthochi zoti sindinazithe." Anatembenuza kiyi uja m'manja. "Lamulo lathu limanena za kabaza. Silinanenepo za... eee." Anamubwezera Rozina kiyi. "Gilibati, itchajeni batireyo, idzaze."

Kuyambira tsiku limenelo nthambi sinaonekenso. Batire imafika kuthanki timagetsi tiwiri titatsala, monga kale, ndipo Dona akadali m'khola mwake, akubzikula ngati sakudziwa kanthu. Rozina anabwerera kumsewu wakumanzere.

Koma pali chimodzi chomwe sanasiye. Kachitenje kaja sakamangiriranso pahandulo, amakapinda n'kukaika pakaliyala. Ndipo akafika pakhomo pa aNangondo, ngakhale msewu uli woyera, amatsika n'kukankha pang'ono, kenako amaima kanthawi asanakwerenso. Tsiku lina ndinamufunsa kuti akudikiranso chiyani, poti lonjezo anakwaniritsa.

"Tamala anapita ndi mwana kwa apongozi ake, cha kuthanki komweko," anandiyankha akukonza kachitenje kaja. "Posachedwapa ayamba kukwawa, achemwali. Mwina agogo ake angafune kukamuona."